Cuma cili m'nthaka, koma ndani adzaiwerenga nthakayo?

Caka ciliconse zotsatira za mayeso a Giredi 12 zikatuluka, makolo timakhala pansi ndi ana athu kukambirana za kutsogolo. Nchito zimene timachula sizisintha: unamwino, uphunzitsi, upolisi, usilikali, ndipo mwana akakhoza bwino kwambiri timati akhale dokotala kapena loya. Zonsezi ndi nchito zolemekezeka. Koma kaya ndi pa msonkhano wa makolo kusukulu, kaya ndi kumphakati, sitimamva kholo likunena kuti mwana wanga akaphunzire za miyala. Wina atayerekeza kutero tingamuseke, nkumufunsa kuti kodi miyala imene tinatopa nayo m'minda nayonso ifuna digiri?

Ife tikuti inde, ifuna digiri, ndipo ena mwa ana athu anzeru ayenera kupita kumeneko. Maphunzirowa amachedwa jiyoloji. Wophunzira amadziwa mitundu ya miyala, m'mene inapangikira, kumene madzi amabisala pansi, kumene kuli kopa, golide ndi laimu, ndiponso m'mene poizoni wocokera m'migodi amayendera m'dothi ndi m'mitsinje. Timakonda kunena kuti cuma cili m'nthaka, tikutanthauza cimanga, nshawa ndi fodya. Khasu lathu limalekezera pa dothi la pamwamba. Pansi pake pali nkhani ina yaitali, ndipo amene adziwa kuiwerenga ndiye amayamba kudya.

Tiyambe ndi madzi, cifukwa ndiwo amatikhudza tonse. Ambiri taonapo makina okumba mjigo atafika m'mudzi, anthu nkuvina, makina nkulira masiku awiri, pamapeto pake nkutuluka fumbi lokha. Ndalama zapita, amai abwerera kudambo. Timati malowo ndi atsoka, ena amayamba kulozana zala za ufiti. Cifukwa ceniceni ncakuti mbali yaikulu ya kum'mawa kuno ikhala pa thanthwe lolimba lakale-kale, ndipo thanthwe lotere silisunga madzi paliponse. Madzi amakhala m'ming'alu yake ndi pamene mwala unafumbutuka. Mungakumbe pano osapeza kanthu, mnzanu nkukumba mamita makumi asanu kutsogoloko nkupeza madzi osaphwa. Katswiri wa madzi a pansi amayala mawaya pamalopo, amalowetsa mphamvu ya magetsi m'nthaka, ndipo poona m'mene magetsiwo ayendera amadziwa pamene pali ciyembekezo. Sikuti salakwitsa, koma kukumba popanda iye kuli ngati kuponya mubvi mumdima. Cilala ca 2023 mpaka 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti ndi ngozi ya dziko lonse, cinationetsa kuti mvula ikakana, madzi a pansi ndiwo amasunga anthu, ng'ombe ndi madimba.

Ku Lusaka vuto ndi lina. Mzindawu ukhala pa mwala wa laimu umene uli ndi mapanga ndi mipata yambiri. Madzi amapezeka msanga, koma zonyansa za m'zimbudzi zokumba zimalowanso msanga m'zitsime zosazama. Ndico cimodzi mwa zifukwa zimene kolera inavutitsira makomboni monga Kanyama mu 2017 ndi 2018, nibweranso mwamphamvu kumapeto kwa 2023. Namwino amaciritsa wodwala, koma amene angauze khonsolo kuti citsime cisakumbidwe apa ndi munthu wodziwa miyala.

Alimi anzathu, yang'anani thumba la D Compound. Palembedwa manambala atatu, 10, 20, 10. Nambala yapakatiyo ndi ya fosifeti, cakudya cimene cimalimbitsa mizu. Fosifeti sapangidwa kucokera ku mphepo, amakumbidwa m'miyala. Miyala yotere iliko ku Chilembwe kufupi ndi Petauke ndi ku phiri la Nkombwa ku Isoka, ndipo amene anaipeza ndi kuiyeza ndi akatswiri a miyala. Laimu amene alangizi amatiuza kuthira m'minda imene dothi lake lasasa nayenso ndi mwala wogayidwa. Conco mlimi amene amati za miyala sizimukhudza amasenza miyalayo pa njinga caka ndi caka osadziwa.

Nanga mwana angayende njira iti? Yunivesiti ya Zambia ku Lusaka, imene inatsegulidwa mu 1966, ili ndi Sukulu ya Migodi kuyambira 1973, ndipo m'sukulu imeneyi muli cigawo ca jiyoloji. Yunivesiti ya Copperbelt ku Kitwe, imene inakhazikitsidwa mu 1987, nayo ili ndi sukulu ya migodi ndi miyala. Khomo lolowera ndi masamu, sayansi ndi Cingelezi. Mwana amene anathawa masamu ali Giredi 8 wadzitsekera yekha khomoli, ndipo nthawi zambiri ife makolo ndife timamuthandiza kutseka pomuuza kuti masamu ndi a anthu ena. Digiri yoyamba imatenga zaka zingapo za kalasi, labotale ndi kuyenda m'chire ndi nyundo, mapu ndi kabuku. Boma limapereka nkhongole za maphunziro kudzera ku bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, ndipo kufunsira nkhongoleyi kuli ndi nthawi yake, imene ana a kumudzi ambiri amaimva itadutsa.

Akamaliza, ambiri amathamangira kumigodi, ndipo sitingawadzudzule. Ku Kansanshi ku Solwezi, ku Lumwana, ku Kalumbila, ku Mopani, ku mgodi wa emerald wa Kagem ku Lufwanyama, konseko amafuna akatswiri a miyala. Boma linanena kuti lifuna dziko lizikumba matani 3 miliyoni a kopa pacaka pofika 2031, pamene mu 2024 linakumba matani opitirira pang'ono 800,000. Mu 2024 momwemo kampani ya KoBold Metals inalengeza za kopa woculuka ku Mingomba kufupi ndi Chililabombwe, ndipo boma linayambitsa nchito youlutsa ndege zokhala ndi zida zoyezera miyala ya pansi m'dziko lonse. Ndege idzabweretsa manambala. Manambalawo adzafuna munthu woti awawerenge, kenaka apite ndi miyendo kukaona mwala weniweniwo.

Koma apa ndi pamene tifuna kucedwapo pang'ono. Ana athu onse odziwa miyala akalembedwa nchito ndi makampani, ndani adzatsala kumbali ya anthu? Katswiri wa kampani amayeza zimene kampani ifuna, ndipo zimene wapeza ndi cinsinsi ca abwana ake. Sitikumunena kuti ndi wabodza, koma wolipira ndiye amasankha funso. Dziko lifunanso akatswiri ena amene funso lao limacokera kwa anthu: ophunzitsa pa yunivesiti, ocita kafukufuku, ogwira nchito ku Geological Survey Department, ku WARMA imene imayang'anira madzi, ndi ku ZEMA imene imayang'anira cilengedwe. Munthu wotere amapitiriza sukulu mpaka digiri yaciwiri ndi ya udokotala wa maphunziro, amalemba zimene wapeza poyera kuti ena azitsutse kapena kuzivomereza, ndipo amaphunzitsa obwera m'mbuyo mwake.

Zimene zinacitika ku Chambishi zikuonetsa kufunika kwa anthu otere. Pa 18 Febuluwale 2025 damu losungira zinyalala za mgodi wa Sino-Metals Leach linagumuka, madzi a asidi nkulowa mu mtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinafa, mbewu za alimi a m'mbali mwa mtsinje zinapserera, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi kwa kanthawi. Pambuyo pake panabuka mkangano wa kuculuka kwa zimene zinatayika, ziwerengero za mbali iyi ndi mbali iyo nkusiyana kutalitali. Mlimi amene munda wake unaonongeka sangathe kutenga dothi nkuliyeza yekha. Afuna munthu wophunzira, wa zida zabwino, amene malipiro ake sacokera kwa amene akuimbidwa mlandu. Ku Kabwe nkhani yake ndi yakale koposa. Mgodi wa mtovu ndi zinki unatsekedwa mu 1994, koma fumbi la mtovu likali m'dothi la makomboni ena, ndipo limalowa m'magazi a ana. Zambiri zimene tidziwa za vutoli zinadziwika cifukwa ca kafukufuku, wina wocitidwa ndi Yunivesiti ya Zambia pamodzi ndi Yunivesiti ya Hokkaido ya ku Japan.

Kabwe yemweyo ali ndi phunziro lina. Mu 1921 anthu okumba mgodi anapeza cigaza ca munthu wakale-kale. Cinatengedwa kupita ku London, ndipo boma lathu lakhala likupempha kuti cibwerere. Mu 2020 akatswiri analengeza kuti zaka zake ndi pafupifupi 300,000. M'cigwa cathu ca Luangwa muli mafupa osanduka mwala a nyama zimene zinakhalako ngakhale madainoso asanabwere, ndipo imodzi mwa nyamazo inapatsidwa dzina lakuti Luangwa. Akatswiri amacokera ku America ndi maiko ena kudzafukula mafupawa. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, tivomereza, ndipo timulandire. Koma mwana wa ku Lundazi kapena Chama amene amanyamula zikwama za alendowa, bwanji tsiku lina asakhale iye wolemba buku la mafupa a kwao?

Tidziwa kuti makolo ena amaopa. Amati maphunziro okamba za zaka mamiliyoni amacotsa mwana pa cikhulupiriro. Kwa iwo tingochula munthu mmodzi. Nicolas Steno wa ku Denmark, amene mu 1669 anafotokoza kuti miyala yoyalana imasanjikizana motsata zaka, yapansi kukhala yakale koposa yapamwamba, amawerengedwa pakati pa oyambitsa jiyoloji. Munthu yemweyu anadzakhala wansembe ndi episkopi, ndipo Papa Yohane Paulo Waciwiri anamuika m'gulu la odala mu 1988.

Mantha ena ndi omveka, ndipo sitiwabisa. Nchito za m'migodi zimakwera ndi kutsika pamodzi ndi mtengo wa kopa. Amene tinaona zaka za m'ma 1990, ndi nthawi imene Anglo American inacoka ku Konkola mu 2002, tikumbukira mabanja amene anabwerera kumudzi cimanjamanja. Mtengo ukagwa, nchito yofufuza miyala yatsopano ndiyo imayamba kudulidwa. Wophunzitsa pa yunivesiti salandira ngati wa kumgodi, ndipo kafukufuku amafuna zida zodula. Enanso akapita kunja kukatenga digiri yapamwamba sabwerera. Izi nzoona. Komabe ngati mwana waphunzira za madzi a pansi, za dothi lomangapo misewu ndi madamu, ndi za kuyeza poizoni, nchito yake siimangiriridwa ku kopa yekha. Ludzu silitsika mtengo.

Tikambeponso za ana athu amene alowa kale m'maenje popanda sukulu. Kumene kwamveka golide, kaya ku Kasenseli ku Mwinilunga, ku Rufunsa kapena kuno kum'mawa, anyamata amasiya makalasi ndi minda nkukakumba. A ku Lundazi adziwa bwino za miyala ya aquamarine ndi tourmaline. Kumapeto kwa 2023 anthu ambiri anakwiriridwa m'maenje a Senseli ku Chingola mvula itagwa. Amene apulumuka ngozi amagulitsa mwala pa mtengo umene wogula wanena, cifukwa wogula ndiye adziwa cimene wagwira m'manja. Mudzi utakhala ndi mwana wake mmodzi wophunzira miyala, akhoza kuwauza okumbawo kuti dothi ili silingapirire dzenje lotere, kuti mwala uwu ndi wa mtengo wakuti, ndiponso akhoza kukhala pambali pa mfumu ndi anyakwawa tsiku limene alendo abwera ndi mapepala ofuna malo.

Atsikana asasiyidwe m'mbuyo. Mai Mfikeyi Makayi, injiniya wa migodi wa muno m'Zambia, anasankhidwa kutsogolera nchito za KoBold Metals m'Africa. Kunena kuti nyundo ndi mapu ndi za amuna okha ndi ulesi wa ife makolo, amene tifuna mtsikana akhale pafupi azitunga madzi.

Pempho lathu loyamba lipita kwa aphungu ndi makomiti a CDF. Ndalama zimenezi zinakwezedwa kwambiri mu 2022. Pomanga makalasi musaiwale labotale, cifukwa mwana amene sanagwirepo cida ca sayansi sangapikisane ndi mnzake wa m'tauni. Laciwiri lipita ku masukulu, a boma ndi a mishoni omwe: tsiku lokamba za nchito za mtsogolo muziitanako katswiri wa miyala kapena wa madzi, osati namwino ndi wapolisi okha. Lacitatu lipita ku boma ndi makampani a migodi. Gawo la ndalama zocokera m'kopa lipite ku kafukufuku wa m'mayunivesiti athu ndi ku maphunziro a digiri zapamwamba, popanda wopereka kulamula zimene wofufuza adzalemba.

Makolo anzathu, nafenso tili ndi mbali yathu. Makina a mjigo akadzabwera m'mudzi, musathamangitse ana kuti akusokoneza. Aloleni aime pafupi aone dothi ndi miyala yosiyana mitundu ikutuluka pa mita iliyonse, afunse wokumbayo cifukwa cake wasankha pamenepo. Funsaninso aphunzitsi a masamu m'mene mwana wanu akucitira temu ino, asanafike Giredi 12.