MUSATAYE WAILESI YA KANEMA YAKALE

Abale ndi alongo a nthambi yathu, tamva kuti ena mwa inu mulikugulitsa mawailesi a kanema akale pa mtengo wozizira, chifukwa amalonda akuuzani kuti anatha nchito. Bodza limenelo!

Nkhani yake ili motere. M'chaka cha 2006 maiko anapangana ku Geneva kuti pofika pa 17 June 2015 aleke kuulutsa kanema mwa njira yakale ya analogi, ayambe ya dijito. Wailesi yakale siimva payokha chinenero chatsopanochi. Ifuna kabokosi kotchedwa dikoda, monga ka Kiliye Kiliye, kolumikizidwa pakati pa iyo ndi eriyo. Wailesi yomvera mau ya FM siikhudzidwa konse.

Koma chilipo chimene ogulitsa sanena. Kale ife akutali tinkaonako ndithu chithunzi, chingakhale chodzala mchenga. Dijito alibe chifundo chotere: chithunzi chifika choyera, apo ayi chiduka-duka nkuzimiratu. Munthu wokhala kuseri kwa phiri akhoza kuthera ndalama zonse za mtedza pa dikoda, nangoonera mdima. Kodi msonkho sitikhoma pamodzi ndi a m'tauni?

Chifukwa chake tikuti, munthu asagule asanayese. Nthambi ibwereke dikoda imodzi, anyamata ayende nayo mudzi ndi mudzi pamodzi ndi batire. Akweze eriyo pa nsungwi yaitali, ailozetse kumene kuli mlongoti woulutsira. Kumene chithunzi chakana, mlembi alembe dzina la mudziwo, ndipo maina onsewo tidzawatula kwa phungu wathu ndi kwa a MACRA.