Ngalande si dzala

Mvula itakata sabata yatha, ndinatsata ngalande ya pamsika wina kwathu kuno kwa Champiti kuti ndione komwe imathera. Imathera kudambo komwe amayi amachapa ndi kutunga madzi. Ndinapezako majumbo, matewera a ana, mabotolo ndi oyilo wakuda wa njinga zamoto za kabaza.

Tikataya zinyalala m'ngalande timati zapita. Sizipita ayi, zimangosamukira kwa mnansi wakumunsi. Kodi tayiwala kale kolera ya 2022 mpaka 2023 yomwe idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno?

Malamulo alipo. Boma lidaletsa majumbo opyapyala mu 2015, ndipo khoti la Suprimu lidagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 nalo limapatsa makhonsolo mphamvu zokhazikitsa malamulo a m'madera mwawo.

Pempho langa kukhonsolo ya Ntcheu nali: gawo la ndalama za ziphaso za pamsika likumbitse maenje a zinyalala, ndipo wothira oyilo m'ngalande azilipira chindapusa. Mafumu ndi makomiti a misika athandizepo.

Madzi saiwala khwawa. Chomwe tawasenzetsa lero, mawa tidzachimwa.