Munda Suusinthanitsa ndi Lonjezo la Ntchito

Abale anga a ku Nkondezi, Zóbuè ndi Moatize, ine ndikukana mawu amene tawamva kambirimbiri akuti mgodi ukabwera, ntchito idzalowa m'malo mwa munda. Limenelo ndi bodza, ndipo umboni wake uli pakhomo pathu pomwe.

Mu 2009 ndi 2010, kampani ya Vale inasamutsa mabanja 1,365 kuti ikumbe malasha. Alimi anawapititsa ku Cateme, makilomita pafupifupi 40 kuchokera m'tauni ya Moatize, kutali ndi msika, ndipo ambiri anadandaula kuti nthaka yake ndi yamiyala. Oumba njerwa anataya dothi limene linkawadyetsa. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji, apolisi n'kuwabalalitsa mwankhanza. Mu 2022 Vale inagulitsa mgodiwo kwa Vulcan n'kuchoka, koma minda ija sinabwerere.

Maiko a mafuta anadutsa kale m'njira imeneyi. Ku Nigeria, lamulo la 1978 linaika malo m'manja mwa abwanamkubwa a zigawo. Ogwira ntchito za mafuta kumeneko ali ndi mabungwe amphamvu, NUPENG ndi PENGASSAN, ndipo akanyanyala ntchito boma limatekeseka. Nanga mlimi ndi msodzi wa ku Ogoni, amene mafuta anawonongera minda ndi mitsinje, anganyanyale chiyani? Ken Saro-Wiwa, amene ankawalankhulira, anamupachika mu 1995. Lamulo la ntchito limateteza ochepa amene alembedwa. Otsalawo chitetezo chawo ndi munda basi, ndipo wopanda munda amavomera ganyu wa mtengo uliwonse.

Ena amati olankhula chonchi akudana ndi chitukuko. Ine sindikudana ndi mgodi, ndikudana ndi kusaina m'chimbulimbuli. Lamulo lathu la malo la 1997 limati nthaka ndi ya boma, komabe limazindikira ufulu wa olima malo a makolo ngakhale alibe pepala la DUAT. Umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi omwe, ndi wovomerezeka, ndipo mudzi uyenera kufunsidwa malo asanaperekedwe kwa mlendo.

Tsono akabwera ndi mapepala, mfumu isakumane nawo yokha. Amayi, amene amagwira khasu tsiku ndi tsiku, akhalepo ndipo alankhule. Munda watsopano tikauone ndi maso athu, tikumbe dothi, tifunse kumene kuli madzi. Ntchito zimene akulonjeza azilembe: ndi zingati, za zaka zingati, malipiro ake ndi otani. Akakana kulemba, ifenso tisaikepo chala.