Za Makompyuta: Phunziro la Kapu Yachitatu

Munthu wofuna kusinthanitsa mkaka ndi thobwa zomwe zili m'makapu awiri amafunika kapu yachitatu yosungiramo chimodzi mwa zakumwazo kwa kanthawi. Kompyuta nayonso imatero ikamasinthanitsa manambala awiri, ndipo nkhani ya kapu yachitatuyi inawazunguza mitu akatswiri a chiyankhulo cha makompyuta chotchedwa Lisp.

Chiyankhulochi anachiyambitsa ndi John McCarthy mu 1958 pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America. Mu Lisp, lamulo lililonse limalembedwa ngati mndandanda wa m'mikutiramawu. Mwachitsanzo, kuphatikiza 2 ndi 3 kumalembedwa (+ 2 3). Popeza lamulo ndi mndandanda chabe, pulogalamu imatha kuliwerenga n'kulilembanso mwa mtundu wina. Pozindikira zimenezi, Timothy Hart anapereka ganizo la macro mu 1963.

Macro ndi njira yophunzitsira chiyankhulo mawu atsopano. Wolemba pulogalamu amapanga lamulo lake lalifupi, ndipo pulogalamuyo isanayambe kugwira ntchito, macro imalitambasula kukhala malamulo omwe chiyankhulocho chimawadziwa kale. Imasiyana ndi function, chifukwa function imalandira mayankho owerengetsedwa kale pamene macro imalandira mawu enieniwo monga momwe alembedwera.

Koma akuluakulu adati walira mvula walira matope. Tiyerekeze kuti wina walemba macro yosinthanitsa manambala, ndipo kapu yachitatu ija waitcha tmp. Mnzake, posadziwa, watchanso tmp malo omwe wasungamo 10, ndipo akufuna kusinthanitsa nambalayo ndi 40. Macro ikatambasuka, mayina awiriwo amasokonezana ndipo manambala amakhala momwe analili. Choopsa n'chakuti kompyuta siichenjeza. Ngati pulogalamuyo ndi yowerengetsera malipiro kapena mankhwala osungidwa pa chipatala, cholakwikacho chingadzaoneke zinthu zitaonongeka kale.

Mu Common Lisp, udindo wopewa vutoli uli m'manja mwa wolemba macro. Iye amagwiritsa ntchito gensym, lamulo lomwe limapanga dzina latsopano losawombana ndi lina lililonse. Akaiwala, msampha umakhala uli chitchereni.

Anthu a Scheme, chiyankhulo cha m'banja lomweli chomwe Gerald Sussman ndi Guy Steele anapanga mu 1975, anatsata njira ina. Mu 1986, Eugene Kohlbecker, Daniel Friedman, Matthias Felleisen ndi Bruce Duba anasonyeza momwe chiyankhulo pachokha chingasiyanitsire mayina obadwira m'kati mwa macro ndi mayina a munthu woigwiritsa ntchito. Njirayi anaitcha yaukhondo. Pofika 1998, lamulo la syntax-rules linali litakhazikika m'malamulo a Scheme. Wolemba amangosonyeza maonekedwe a lamulo latsopano ndi chomwe liyenera kusanduka, ndipo za mayina chiyankhulo chimasamala chokha. Racket, yomwe mpaka 2010 inkatchedwa PLT Scheme, inakuza kwambiri luso limeneli.

Kwa wophunzira, malangizo ndi awiri. Choyamba, asalembe macro pamene function ingakwanitse ntchitoyo, pakuti lamulo latsopano lililonse ndi katundu amene wodzasamalira pulogalamuyo m'tsogolo adzayenera kusenza. Chachiwiri, akalemba macro aone kaye momwe ikutambasukira. Mu Common Lisp, lamulo la macroexpand limaonetsa zimenezi poyera. Kenako ayese macro yakeyo poipatsa dala dzina lofanana ndi la kapu yachitatu ija, aone ngati manambala asinthanadi.