Khomo la Air Force lisamagulidwe ndi ng'ombe

Sabata ino talandira kalata yowawitsa mtima kuchokera kwa mayi wina wa kufupi ndi Jenda. Adagulitsa ng'ombe ziwiri n'kutumiza ndalama pafoni kwa munthu amene adalonjeza kuti mwana wawo alowa m'gulu la asilikali a zandege. Lero nambala ya munthuyo siikupezekanso, khola lili pululu, mnyamata ali pakhomo ndi satifiketi yake ya MSCE.

Sitikufuna kuthamangira kuloza chala. Tikudziwa kuti akuluakulu a Malawi Defence Force akhala akuchenjeza kuti polowa usilikali salipira, ndipo wopempha ndalama ndi wakuba. Njira yake ilipo: kudikira chilengezo, kulemba kalata, kuyezedwa m'thupi ndi mphamvu, kenako maphunziro ku MAFCO ku Salima. Woyendetsa ndege amayamba wakhala ofisala. Ndipo ndege siuluka ndi woyendetsa yekha. Pamafunika amakaniko, mainjiniya, odziwa zanyengo, ozimitsa moto ndi olankhula ndi ndege ali pansi.

Koma ndani adakafotokoza zimenezi kwa ana a ku Khosolo, Luwerezi, Mabilabo ndi Emfeni? Chilengezo chimatuluka m'nyuzi ndi pa Facebook, chikamafika kumidzi yathu masiku atatha kale. Mnyamata wa ku Embangweni angakuuzeni mtengo wa basi ya ku Joni, dzina la transipota ndi malo ogona ku Johannesburg, koma mufunseni kumene kuli Zomba Air Base, angokuyang'anani. Pamene aboma akhala chete, atsizinamtole ndiwo amalankhula.

Ife a kuno nkhani ya ndege za asilikali tidaimva ndi misozi. Pa 10 June 2024 ndege ya Dornier 228 idagwa m'nkhalango ya Chikangawa, pakhomo pathu penipeni, n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu. Atatu mwa iwo adali asilikali oyendetsa ndi kusamalira ndegeyo, mmodzi wa iwo Major Flora Selemani, mayi amene adaonetsa atsikana kuti mpando wa kutsogolo kwa ndege ndi wawonso. Anthu otere saphuka ngati bowa, amatenga zaka kuti aphunzitsidwe. M'mwezi wa March 2023, namondwe wa Freddy atasakaza kum'mwera, tidadalira mahelikopita a ku Tanzania ndi Zambia kuti akapulumutse abale athu. Nthambi ya zandege ya asilikali athu idayamba mu 1976 ndi thandizo la dziko la Germany. Zaka zonsezi, kodi tikadali obwereka moto kwa anansi?

Tsono tibwereze zimene takhala tikulira patsamba lino mpaka mawu kusasa: sukulu za sekondale zoyendera za m'boma lino la Mzimba. Zandege zimafuna masamu, fizikisi ndi Chingerezi. Mwana wa ku CDSS yopanda labotale, amene mphunzitsi wake wa sayansi ndi mmodzi kuyambira fomu 1 mpaka fomu 4, angapikisane bwanji ndi mnzake wa ku Lilongwe? Khomo timamutsekera ali fomu 1, ndiye tizidabwa kuti makolo ake akufuna kulowera pawindo?

Apa ndiye tisanyengererane. Aphungu a kum'mwera kwa Mzimba, manyazi akugwireni. Ndalama za CDF zimabwera m'madera anu chaka ndi chaka, mumadziwa kugula mayunifomu a mpira ndi kuonekera pamaliro, koma chipinda chimodzi cha sayansi chikukukanikani. A khonsolo ya M'mbelwa, mudayamba mwaitanako msilikali wa zandege kuti adzayankhule ndi ophunzira paboma pano? Moyale Barracks ili ku Mzuzu konkuno, si kutsidya kwa nyanja. Nanunso akuluakulu a asilikali, kuchenjeza muli mu ofesi sikukwanira. Tumizani anthu a yunifomu m'masukulu, lengezani pa wailesi za m'madera m'Chitumbuka, perekani nthawi yokwanira yolembera makalata. Pa mwambo wa Umthetho ku Hora pamasonkhana achinyamata miyandamiyanda pamaso pa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa V. Kukhoma tenti pamenepo n'kufotokoza njira yolowera kungakutayitseni chiyani?

Ndipo inu makolo, aliyense wokuimbirani foni kuti ali ndi malo ku Air Force, musamupatse ngakhale tambala. Sungani nambala yakeyo, mupite nayo kupolisi tsiku lomwelo.