Ochemerera adati Cara, koma khomo la ku Newport silidatseguke

Mu Januwale 2022, akuluakulu a International Tennis Hall of Fame, nyumba yolemekezeramo akatswiri a tenesi yomwe ili mumzinda wa Newport ku America, adalengeza chinthu chomwe chinali chisanachitikepo chiyambire: mwa anthu asanu ndi mmodzi omwe adali pamndandanda wa chisankho cha chakacho, panalibe ndi mmodzi yemwe amene adapeza mavoti okwanira kuti alowe m'nyumbayo.

Pamndandandapo padali mwana wa kwa aneba athu, Cara Black wa ku Zimbabwe. Chowawitsa mtima n'chakuti kumapeto kwa 2021, anthu okonda masewerowa padziko lonse atapatsidwa mpata woponya voti pa intaneti, Cara ndiye adatsogola. Adasiya m'mbuyo Flavia Pennetta wa ku Italy, Ana Ivanovic wa ku Serbia, Lisa Raymond wa ku America komanso akamuna awiri a ku Spain, Carlos Moya ndi Juan Carlos Ferrero. Anthu adalankhula momveka, koma eni nyumba adakana kutsegula chitseko. Dzina lake lidabwereranso pa chisankho cha 2023 ndi cha 2024, osaphula kanthu.

Ine ndikuti ochemerera sadalakwitse. Adalakwitsa ndi aja amatchedwa odziwa aja.

Ndikudziwa kuti ambiri a ife tenesi timangoiona pa kanema tikamadikira kuti mpira uyambe, choncho ndiyambe ndafotokoza kuti mayiyu ndani. Pa masewerowa pali zikho zinayi zikuluzikulu pachaka: Australian Open, French Open, Wimbledon ndi US Open. Pali osewera mmodzimmodzi, uyu mbali iyi winayo mbali inayo, ndipo pali osewera awiriawiri, amayi okhaokha, abambo okhaokha, kapena bambo ndi mayi mbali imodzi. Cara adali katakwe wa awiriawiri.

Iye adabadwa mu 1979 mumzinda womwe lero ndi Harare. Bambo ake, malemu Don Black, adasewerako ku Wimbledon m'zaka za m'ma 1950, ndipo atasiya adakonza mabwalo a udzu pakhomo pawo, pamalo pomwe ankalimapo mapeyala. Pamenepo ndi pomwe ana atatu, Byron, Wayne ndi Cara, adaphunzirira kumenya kampira kachikasu kaja. Onse atatu adadzatenga zikho zikuluzikulu. Byron adapambana French Open ya awiriawiri mu 1994. Wayne adatenga US Open mu 2001 ndi Australian Open mu 2005 ali ndi mnzake wa ku Zimbabwe komweko, Kevin Ullyett. Ndipo mu 1998 anyamata awiriwa adakagonjetsa Australia kwawo komwe, ku Mildura, ndi 3 kwa 2 mu mpikisano wa maiko wa Davis Cup. Banja limodzi, mudzi wonse n'kumveka.

Koma chitsirizira ndiye adaposa alongo ake. Cara adatenga zikho zikuluzikulu 10. Zisanu mwa izo ndi za amayi awiriawiri: Wimbledon mu 2004, 2005 ndi 2007, Australian Open mu 2007 ndi US Open mu 2008. Zisanu zinazo ndi za bambo ndi mayi, ndipo kumeneko adakwanitsa kutenga zikho zonse zinayi, chinthu chomwe ndi amayi owerengeka okha adachitapo. Ziwiri mwa izo, French Open ya 2002 ndi Wimbledon ya 2004, adatenga ndi mlongo wake Wayne. Taganizani, mu 2004 adachoka ku London ndi zikho ziwiri za Wimbledon m'masabata awiri omwewo. Zikho zonse za amayi awiriawiri zomwe adapambana pa mipikisano ya WTA ndi 60, ndipo adakhala nambala wani padziko lonse kwa masabata 163, kutanthauza zaka zitatu ndi kanthu. Ngakhale atabereka mwana adabwereranso m'bwalo n'kukatenga chikho chotsekera chaka mu 2014 ali ndi Sania Mirza wa ku India, asanapume mu 2015.

Nanga munthu wotere amakanika bwanji pakhomo?

Nkhani yagona pa kavotedwe. Oponya voti yeniyeni ndi atolankhani a zamasewero, akadaulo a mbiri ya tenesi komanso akatswiri omwe adalowa kale m'nyumbayo. Kuti munthu adutse, amayenera kuvomerezedwa ndi 75 mwa anthu 100 alionse a m'gululi. Kuyambira pa chisankho cha 2019, eni nyumba adatsegula mpata woti nawonso ochemerera azivota, koma mphamvu ya voti yawo adaichepetsa dala. Wotsogola amamuonjezera mapointi atatu okha pa zomwe wapeza kwa akuluakulu aja, wachiwiri awiri, wachitatu imodzi. Ndiye kuti voti ya anthu imangothandiza yemwe wafika kale pa 72. Yemwe ali pansi pa apo, ngakhale mumuvotere usiku ndi usana mpaka foni itathe moto, palibe chimasintha.

Zili ngati mfumu yoitanitsa mudzi wonse pabwalo kuti unenepo maganizo, pomwe mlandu idagamula kale dzulo ndi nduna zake kuseri kwa nyumba. Anthu amabwerera kwawo akuti tayankhula, chonsecho amangowaitanira kuti bwalo lioneke lodzadza.

Pano ndisanamizire kuti mbali inayo ilibe mfundo. Ilipo, ndipo ndi yolemera. Nyumba yotere, yomwe idakhazikitsidwa mu 1954, ikasiyidwa m'manja mwa ochemerera okha, idzasanduka mpikisano wa dziko lomwe lili ndi anthu ambiri ndi mafoni ambiri. Katswiri wa ku India kapena ku China adzalowa chaka chilichonse, wa ku Lesotho sadzanunkhako. Voti ya pa intaneti imakomeranso wodziwa kumemeza anthu, osati wodziwa kusewera. Tonse tidaonapo momwe mauthenga oti "voterani wathu" amayendera m'mafoni, ena n'kumavota asakudziwa n'komwe kuti munthuyo amasewera chiyani. Choncho alonda apakhomo ayenera kukhalapo. Pamenepo sinditsutsa.

Komatu mfundo yomweyi ikuikira kumbuyo Cara. Zimbabwe ili ndi anthu pafupifupi 15 miliyoni. Italy ndi Spain, dziko lililonse palokha, lili ndi anthu ochuluka kuposa apo katatu kapena kupitirira, ndipo intaneti yawo siivuta ngati ya kuno. Ngati mwana wa dziko laling'ono chonchi adatsogola, sichinali chipiringu chomwe chidamunyamula. Kapena anthu akwawo adadzipereka modabwitsa, kapena anthu a maiko ena omwe adamuona akusewera adamukumbukira. Chilichonse mwa ziwirizi chidayenera kupangitsa akuluakulu aja kuunikanso kachiwiri.

Pali ena omwe adathamangira kunena kuti adamukana chifukwa ndi wa ku Africa. Ine sindikupita nawo kumeneko. Lisa Raymond ndi wa ku America konko, ali ndi zikho zikuluzikulu 11 za awiriawiri, ndipo naye adamukana tsiku lomwelo. Vuto lili poyera ndi lakuti oponya voti ambiri amaona masewero a awiriawiri ngati ndiwo zoonjezera, pomwe nsima yeniyeni ndi ya mmodzimmodzi. Ndipo pa mmodzimmodzi Cara sadafike patali: adalekezera pa nambala 31 mu 1999 ndipo adatengako chikho chimodzi chokha cha WTA.

Tsono taonani momwe sikelo yake imapendekera. Yannick Noah adatenga chikho chachikulu chimodzi cha mmodzimmodzi, French Open ya 1983, ndipo adalowa mu 2005. Michael Chang chimodzi, mu 1989, adalowa mu 2008. Andy Roddick chimodzi, mu 2003, adalowa mu 2017. Goran Ivanisevic chimodzi, Wimbledon ya 2001, nayenso ali m'katimo. Sindikuti anthuwa sadayenere, adali akatswiri ndithu. Koma ngati chimodzi cha uku chikukwanira, khumi za uko zikulephera bwanji? Kodi chikho cha Wimbledon chimapepuka kakhumi chifukwa choti achinyamula anthu awiri?

Okonda mpira wamiyendo matendawa mukuwadziwa. Mphoto ya Ballon d'Or pafupifupi chaka chilichonse imapita kwa omwetsa zigoli kapena osewera pakati. Goloboyi yemwe adailandirapo ndi mmodzi yekha, Lev Yashin, mu 1963, ndipo wotchinga kumbuyo womaliza kuitenga ndi Fabio Cannavaro mu 2006. Sikuti kumbuyo kulibe akatswiri. Maso a anthu ndiwo adazolowera kuyang'ana kumodzi.

Masewero a awiriawiri ali ndi luso lawolawo. Cara adali wamfupi poyerekeza ndi amayi ambiri a tenesi, ndipo analibe dzanja la mphamvu zoopsa. Chuma chake chidali pafupi ndi neti, pomwe mpira umabwera ngati mwala wa legeni ndipo ulibe nthawi yoganiza. Pamenepo pamafunika maso akuthwa, manja ofulumira ndi kudziwa komwe mnzako aponde asanapondepo. Ndipo umboni woti ukatswiriwo udali mwa iye, osati mwa mnzake, ndi uwu: adapambana zikho zikuluzikulu ndi anthu anayi osiyana, Rennae Stubbs, Liezel Huber, Wayne Black ndi Leander Paes. Anzake ankasintha, zikho zinkabwerabe.

Dzina la Paes likundifikitsa pa chomwe chimandidya kwambiri. Katswiri wa ku India ameneyu adatsogola voti ya ochemerera pa chisankho cha 2024, akuluakulu adamuvomereza, ndipo adalowa m'nyumbayo chaka chomwecho. Adayeneradi: ali ndi zikho zikuluzikulu 18, kuphatikizapo mendulo ya Olympics ya mmodzimmodzi yomwe adapata ku Atlanta mu 1996. Koma zitatu mwa zikho zimenezo, US Open ya 2008, Australian Open ya 2010 ndi Wimbledon ya 2010, adatenga ali ndi Cara pambali pake. Adali pamndandanda umodzi. Wina adalowa, wina adatsala panja. Mu 2025 mapasa a ku America, Bob ndi Mike Bryan, nawonso a awiriawiri, adalowa. Ndiye kuti khomo la awiriawiri silidakhomedwe ndi misomali, limangofuna kuti ukhale ndi zikho zochuluka mopitirira muyeso, ngati Gigi Fernandez ndi Natasha Zvereva omwe adalowa mu 2010, pomwe wa mmodzimmodzi amadutsa ndi chimodzi.

Ndikudziwanso kuti pena pake wina akuwerenga izi akuti, nanga tikulirirenji mzungu wa ku Harare wa masewero a anthu olemera? Funsoli silondidabwitsa, poti tenesi kuno kwathu idakali ya m'makalabu a m'tauni. Koma kumbukirani zaka zomwe Cara ankapambana. Mu 2007 ndi 2008 chuma cha Zimbabwe chidali chitagweratu, ndalama yawo itasanduka mapepala, anthu akuthawira ku Joni ndi ku Mangalande. Abale athu ambiri omwe makolo awo adapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a kumeneko adaziona ndi maso. Nthawi imeneyo dzina la dzikolo likatchulidwa pa wailesi za kunja, nkhani yake idali ya mavuto. Koma pa bolodi ya ku Wimbledon, pambali pa dzina la wopambana, padali zilembo za Zimbabwe. Mnzake wosewera naye, Liezel Huber, wobadwira ku South Africa, adatenga unzika wa America mu 2007 n'kuyamba kuimira dzikolo. Johan Kriek ndi Kevin Curren adachitanso chimodzimodzi kale m'zaka za m'ma 1980. Sindikuwaweruza, aliyense amadziwa pomwe nsapato ikumuthina. Cara sadasinthe mbendera mpaka adapuma. Anthu omwe adamuvotera aja ankakumbukira zimenezi, ndipo ndi zinthu zomwe sizioneka pa pepala la ziwerengero lomwe mtolankhani wa ku New York amayang'ana.

Chomwe ndingapemphe eni nyumba si chachikulu. Asapereke makiyi kwa ochemerera, ayi. Koma asankhe chimodzi. Ngati voti ya anthu ili ndi tanthauzo, aipatse mphamvu yooneka, kapena akhazikitse lamulo loti wotsogola voti imeneyi akakanidwa, nkhani yake iziunikidwanso ndi kagulu kapadera komwe kazifotokoza poyera zifukwa zake. Ngati ilibe tanthauzo, asiye kuvutitsa anthu kuti aziononga mayunitsi awo. Chachiwiri, osewera awiriawiri aziyezedwa ndi anzawo a awiriawiri. Nyumbayi ili kale ndi njira yapadera ya osewera pa njinga za olumala, yomwe Esther Vergeer ndi Rick Draney adalowera mu 2023, komanso ya anthu omwe adatukula masewerowa kunja kwa bwalo. Kuika Cara pa sikelo imodzi ndi Moya kapena Ivanovic ndi kufunsa ngati goloboyi amamwetsa zigoli zingati.

Chisankho cha gulu la 2026 chidadutsa, ndipo Roger Federer adasankhidwa, monga aliyense ankayembekezera. Dzina la Cara padalibe pamndandandapo. Mwa amayi onse omwe adakhalapo nambala wani pa awiriawiri kufikira pomwe iye ankapuma mu 2015, omwe adakhalitsa pampandowo kumuposa adali awiri okha: Martina Navratilova ndi Liezel Huber.