Nyumba za boma mukugona mileme, amayi alibe kothawira

Loweruka tinakwera phiri ku Monkey Bay, atsikana okhaokha. Potsika tinatulukira pa mzere wa nyumba zakale za ogwira ntchito m'boma. Malata anazula kalekale, zitseko palibe, m'bafa mwamera mtengo. Koma makoma ake, achemwali, ndi olimba kuposa a nyumba zomwe timalipira lendi m'tauni.

Tinajambulana zithunzi, kenako tonse zii. Aliyense wa ife akudziwa mnzake amene anabwerera kwa mwamuna womumenya chifukwa chosowa pogona.

Lamulo loletsa nkhanza za m'banja tili nalo kuyambira 2006. Ku Victim Support Unit amalandira dandaulo, khoti limatha kuletsa wankhanzayo kumuyandikira. Nanga usiku womwe wathawawo, mwana ali kumbuyo, akagone kuti?

Ena akuti kukonza n'kodula. Inde, koma maziko ndi makoma zilipo kale. Chatsala ndi denga, madzi ndi loko basi.

Khonsolo ya Mangochi iwerenge nyumba za boma zosiyidwa, itiuze zili m'manja mwa ndani, imodzi isanduke pothawira amayi. Khansala wanu akaitanitsa msonkhano, pitani mukafunse zimenezi. Ifenso mukatipeza komweko.